Barbra Banda ndi Mpira wa m'Maiko Anai

Nkhani yathu ya lero ndi ya mpira wa miyendo, koma kuti tiimve bwino tifunika mapu. Aphunzitsi, ngati muli nao mapu a dziko lonse lapansi, apacikeni pakhoma pamene ana onse angawaone. Ngati mulibe, lembani pa bolodi maina anai awa: Lusaka, Logroño, Shanghai ndi Orlando. Imeneyi ndi mizinda ya m'maiko anai, ndipo m'mizinda yonseyi mwagwira nchito mtsikana mmodzi wobadwira mu Lusaka muno, dzina lace Barbra Banda. Nchito yace ndi kumenya mpira.

Ambiri a inu muli kumvetsera muli ku Marapodi, ku Matero, ku George, ku Kanyama, ku Chawama, ku Kalingalinga kapena ku Mtendere. Mudziwa bwino kuti m'makomboni athu mulibe malo opanda nyumba amene sanasandukepo bwalo la mpira. Miyala iwiri uku, miyala iwiri uko, cimpombwa ca mapepala a pulasitiki comangidwa ndi zingwe, basi mpira wayamba, ndipo sutha kufikira amai ataitana kuti nsima yapsa. Mukafunsidwa nchito imene mudzagwire mukadzakula, ena a inu muyankha msanga kuti mudzasewera mpira kunja. Yankho limeneli si loipa. Koma mau akuti "kunja" ndi aafupi pakamwa, pamene njira yace ndi yaitali. Lero tiitsata njirayo ndi cala pa mapu, kuti tione zimene munthu akumana nazo akamacoka mu ligi ya dziko lina kunka mu ligi ya dziko linanso.

Poyamba timvetse mau awiri. Ligi ndi gulu la matimu a m'dziko limodzi amene agwirizana kusewera ina ndi inzace caka conse. Timu yopambana pa tsikulo ipata mapointi atatu, zikalingana mphamvu iliyonse ipata pointi imodzi, ndipo pakutha pa nyengo ya masewera awerenga kuti aone yapamwamba ndi yapansi. M'maiko ambiri matimu apansi atsitsidwa kupita ku ligi yaing'ono. Mau aciwiri ndi akuti wosewera wolipidwa. Ameneyu ndi munthu amene mpira ndiwo nchito yace, monga momwe uphunzitsi uliri nchito ya aphunzitsi anu. Alemberana pangano ndi timu, la caka cimodzi, ziwiri kapena zinai, ndipo pakutha pa mwezi alandira malipiro. Akacedwa ku zokonzekera alangidwa. Akaleka kumwetsa zigoli, timu iyamba kuyang'ana wina.

Kukagwira nchito kutali si cinthu cacilendo kwa ife. Makolo athu ambiri anayenda pansi kapena pa sitima kunka ku Wankie, ku Salisbury ndi ku Joni kukafuna ndalama za msonkho ndi za zobvala, ndipo amene sanabwerere kumudzi anachedwa machona. Ngakhale dzina la Marapodi linacokera kwa mlendo, munthu wa ku Italy wochedwa Marrapodi, amene anadza kudzagwira nchito kuno Lusaka isanakule. Osewera mpira naonso anayamba kale kuyenda. Mu 1967 Howard Mwikuta, Emment Kapengwe ndi Freddie Mwila anapita ku America kukasewerera timu ya Atlanta Chiefs, ndipo mu 1969 Kapengwe ndi Mwila analowa timu ya Aston Villa ku England. Kalusha Bwalya anacoka ku Mufulira Wanderers mu 1985 kupita ku Cercle Brugge m'dziko la Belgium, mu 1989 anasamukira ku PSV Eindhoven ku Netherlands, ndipo mu 1994 anaoloka nyanja ya mcere kupita ku Club América ku Mexico. Makolo anu angakusimbireni za tsiku lija la mu 1988, pa masewera a Olympic ku Seoul, pamene Zambia inagonjetsa Italy ndi zigoli 4 kwa 0, zitatu mwa izo zomwetsa Kalusha. Koma onsewa anali amuna. Kufikira caka ca 2018 panalibe mkazi wa mu Zambia amene anapitapo ku Ulaya kukasewera mpira wolipidwa.

Barbra Banda anabadwa pa 20 Malichi 2000. Anayamba mpira ali wamng'ono monga inu, ndipo popeza matimu a atsikana anali osowa, anali kusewera pamodzi ndi anyamata. Anthu ambiri masiku amenewo anali kuona ngati mtsikana wothamangira mpira wasocera njira. Atasinkhukirako analowanso masewera a nkhonya. Ici sicinali codabwitsa mu Lusaka, pakuti Esther Phiri wa ku Mtendere anali ataonetsa kale kuti mkazi angachuke ndi nkhonya, ndipo mu 2016 Catherine Phiri anatenga lamba wa dziko lonse ku Mexico. Barbra anamenya nkhonya zolipidwa kasanu napambana kasanu komwe. Komabe munthu sangakwere njinga ziwiri nthawi imodzi, ndipo iye anasankha mpira.

Ulendo wace woyamba waukulu unali wa mu Malichi 2014, pamene timu ya atsikana a Zambia osapitirira zaka 17 inapita ku Costa Rica ku mpikisano wa Cikho ca Dziko Lonse. Mwezi womwewo ndiwo anakwanitsa zaka 14, ndiye kuti anali wamkulu pang'ono cabe kuposa ena a inu a mu Giredi 7. Pambuyo pace anasewerera timu ya akazi ya Green Buffaloes, imene isungidwa ndi gulu la asilikali a dziko lino. Iyi ndiyo ligi yace yoyamba, ya kwao, kumene cinenero acidziwa, cakudya acidziwa, ndipo mpira ukatha apita kukagona pakati pa abale ace.

Tsopano ikani cala pa Lusaka, mucikwezere kumpoto, mudutse Africa yense, muoloke nyanja ya Mediterranean, mufike ku Spain. Kumpoto kwa dzikoli, m'mbali mwa mtsinje wa Ebro, kuli mzinda wa Logroño, pakati pa minda ya mphesa. Mu Okutobala 2018 Barbra, ali ndi zaka 18, analemberana pangano ndi timu ya kumeneko yochedwa EDF Logroño. Taganizani za mwezi umenewo. Kuno Okutobala ndi mwezi wa dzuwa loswa mtengo, pamene ngakhale agalu safuna kucoka pamthunzi. Ku Spain ndi mwezi umene masamba ayamba kuyoyoka ndipo cisanu cili pakhomo. Munthu amene anazolowera kusewera thukuta lili kamukamu anayenera kuphunzira kusewera zala zitauma ndi mphepo.

Ndipo cisanu sicinali bvuto lalikulu koposa. Mphunzitsi wa timu alankhula Cisipanishi. Anzace m'bwalo akafuna kunena kuti "patsa kuno", "kumbuyo kwako kuli munthu", kapena "menya", anena m'Cisipanishi, ndipo mpira sudikira kuti wina ayambe wamasulira. Kaseweredwe nakonso ndi kena. Anthu a ku Spain akonda kupatsirana mpira pafupi-pafupi, moleza mtima, ndipo afuna kuti wosewera aliyense aime pa malo ace enieni amene anauzidwa. Mwana wa m'bwalo la fumbi anazolowera kutenga mpira, kudutsa anthu atatu ndi kumenya yekha. Luso limenelo ndi labwino, ndipo ndilo anamuitanira, koma anayenera kuphunzira nthawi yoligwiritsa nchito ndi nthawi yolisunga. Timu ya Logroño inali itangokwera kumene mu ligi yaikulu caka comweco. Sinali kulimbirana cikho ndi matimu olemera monga Barcelona ndi Atlético Madrid, koma inali kumenyera nkhondo yakuti isatsitsidwe. Sinatsitsidwe caka cimeneco. Pa masewera 28 a mu ligi amene Barbra anasewera ku Spain anamwetsa zigoli 16.

Atakhala caka cimodzi ndi miyezi yowerengeka, atayamba kuzolowera, anasamukanso. Sunthani cala canu kum'mawa, mudutse Ulaya yense ndi Asia yense kufikira ku gombe la China, pafupi ndi pamene mtsinje wa Yangtze uthira m'nyanja. Pamenepo pali Shanghai, mzinda umodzi wokha umene uli ndi anthu oposa mamiliyoni 24. Pa kalembera wa mu 2022 anthu a mu Zambia yense sanafike pa mamiliyoni 20. Mu Januwale 2020 Barbra analowa timu ya Shanghai Shengli. Wina angafunse kuti, nanga anacokeranji ku Ulaya kumene anthu ambiri alakalaka? M'zaka zimenezo matimu a akazi a ku China anali kulipira bwino osewera ocokera kunja kuposa matimu ambiri a ku Ulaya, ndipo akatswiri ena a mu Africa anali atatsogola kale. Asisat Oshoala wa ku Nigeria anapitako mu 2017, Tabitha Chawinga wa ku Malawi mu 2018, ndipo mng'ono wace Temwa Chawinga anatsatira mu 2020. Wosewera mpira ali ngati mlimi wa dimba, adziwa kuti madzi sakhalitsa, cotero alima pamene cinyezi cilipo.

Ku Spain, ngakhale cinenero cinali cacilendo, zilembo zinali zomwezi za a, b, c zimene muphunzira inu. Ku China ngakhale cikwangwani ca pa sitolo mlendo sangaciwerenge. Cakudya ca tsiku ndi tsiku ndi mpunga ndi zina za ufa wa tirigu, ndipo adya ndi timitengo tiwiri. Akulu anati kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ukulifuna. Nthawi nayonso isiyana: koloko ya ku Shanghai ili patsogolo pa yathu ndi maola asanu ndi limodzi, kotero kuti pamene inu muli kuweruka ku sukulu masana, kumeneko dzuwa lili kulowa. Munthu wofuna kulankhula ndi amace pa lamya ayenera kuyamba wawerenga maola. Pamwamba pa zonsezi, mwezi womwe anafika ndiwo mwezi umene matenda a Covid-19 anayamba kutseka mizinda ya m'dzikolo. Ligi inacedwa kuyamba, ndipo itayamba, matimu onse anasonkhanitsidwa pamalo amodzi otsekedwa, osaloledwa kuyendayenda. Mtsikana wa zaka 20, kutali ndi kwao, m'dziko lotsekedwa, anasewera masewera 13 namwetsa zigoli 18, kuposa wosewera wina aliyense mu ligi ya China caka cimeneco.

Wosewera wa kunja ali ndi mabwana awiri. Timu imene imlipira ndiyo yoyamba, koma dziko lace likamuitana akwera ndege kubwera kudzabvala malaya a Zambia. Mu Julayi 2021 timu yathu ya akazi, ya Copper Queens, inasewera kwa nthawi yoyamba pa masewera a Olympic, ku Japan, Barbra ali mtsogoleri wa timu. Tsiku loyamba linali lowawa. Netherlands inatimwetsa zigoli 10, ife 3. Koma zitatu zonsezo anamwetsa ndi Barbra, ndipo ziwiri anazimwetsa ca kumapeto, pamene wina aliyense akanataya kale mtima. Patapita masiku atatu tinakumana ndi China, dziko limene iye anali kugwirako nchito, ndipo osewera ace anali kuwadziwa bwino. Mpira unatha 4 kwa 4, Barbra atamwetsanso zitatu. Panalibe mkazi wina ndi kale lonse amene anamwetsapo zigoli zitatu-zitatu pa masewera awiri otsatizana a Olympic.

Tsono tifike pa caka cobvuta, ndipo apa ndifuna mumvetsere bwino, anyamata ndi atsikana omwe. Mu Julayi 2022 ku Morocco kunali mpikisano wa Cikho ca Africa ca akazi. Barbra anali wamoyo, wosadwala ndi wosabvulala, koma sanasewere. Nkhani inali ya malamulo opima matupi a osewera aakazi, ndipo akuluakulu a mpira a kuno ndi a bungwe la mpira la Africa, la CAF, anatsutsana poyera za amene anagamula kuti iye asasewere. Anzace analimbikira popanda iye nafika pa nambala 3 atagonjetsa Nigeria 1 kwa 0. Iye anaonerera ali kunja kwa bwalo, pamene nyuzipepala za maiko ambiri zinali kukamba za thupi lace ngati kuti mwini wace alibe makutu. Barbra anabadwa mwana wamkazi ndipo analeredwa mwana wamkazi. Bungwe la mpira la dziko lonse, la FIFA, linamlola kusewera pa Cikho ca Dziko Lonse ca caka cotsatira. Koma mau acipongwe sanathe, ndipo anabukanso mu 2024 pamene anapatsidwa mphotho yaikulu.

Aphunzitsi, nkhani imeneyi isakhale ya ku Morocco kokha. Iliponso pa bwalo la sukulu yanu. Mtsikana akakhala wamphamvu, wothamanga kuposa anyamata, kapena wometa tsitsi lalifupi, sipacedwa kumveka mau akuti "cimwamuna ici". Anena ndi ana anzace, nthawi zina ndi akulu omwe. Atsikana ambiri aluso aleka masewera cifukwa ca mau amenewa, ndipo aleka mwakacetecete, osauza munthu. Mukamva mau otere, musawalekerere ngati nthabwala za ana. Matupi a anthu sapangidwa pa cikombole cimodzi monga njerwa.

Barbra anayankha ndi miyendo. Mu Seputembala 2022, pa mpikisano wa maiko a kum'mwera kwa Africa wa COSAFA, anamwetsa zigoli 10, ndipo cotsiriza ndico cinagonjetsa South Africa ndi kubweretsa cikho ku Zambia. Mu Julayi 2023 timu yathu inasewera ndi Germany kwao komwe pokonzekera Cikho ca Dziko Lonse, ndipo inapambana 3 kwa 2, Barbra atamwetsa ziwiri. Ku mpikisano weniweniwo, ku New Zealand, zinthu zinayamba moipa, pakuti Japan ndi Spain anatimwetsa zigoli zisanu-zisanu. Koma pa 31 Julayi tinagonjetsa Costa Rica 3 kwa 1, ndipo penati imene Barbra anamwetsa inali cigoli ca nambala 1,000 ciyambire mpikisano wa Cikho ca Dziko Lonse ca akazi mu 1991.

Bwezerani cala pa Shanghai. Tsopano muoloke nyanja yaikulu koposa zonse, ya Pacific, mudutse America yense kufikira ku cigawo ca Florida, cimene cioneka ngati cala coloza kum'mwera. Pamenepo pali Orlando. Mu Malichi 2024 timu ya Orlando Pride inalipira madola 740,000 kuti itenge Barbra, ndipo analemberana pangano la zaka zinai. Mwezi umodzi m'mbuyo mwace, mnzace Racheal Kundananji anali atacoka ku Madrid kupita ku timu ya Bay FC ya ku America komweko pa mtengo woposerapo. Cotero pa nthawi imeneyo osewera aakazi awiri a mtengo wapamwamba pa dziko lonse lapansi anali a mu Zambia onse awiri.

Pa ndalama izi tiimepo pang'ono, pakuti ambiri samvetsa. M'minibasi mumva anthu ali kunena kuti "amugula", ngati kuti munthu ndi mbuzi ya pa msika. Cimene cigulidwa ndi pangano. Barbra anali ndi pangano ndi timu ya Shanghai limene linali lisanathe, ndipo timu ya Orlando inalipira timu ya Shanghai kuti immasule. Madola 740,000 aja anacoka ku timu kupita ku timu. Malipiro a wosewera ndi nkhani ina, yolembedwa m'pangano latsopano, ndipo iye ali ndi ufulu wakubvomera kapena kukana. Pangano lotere likhala la masamba ambiri, lonena za malipiro, nyumba, cipatala akabvulala, matikiti a ndege, ndi cilango akaphwanya lamulo. Munthu wosadziwa kuwerenga asaina cinthu cimene sacidziwa. Ndico cifukwa cace ine sindibvomereza mwana amene athawa phunziro la Cingerezi kapena la masamu nanena kuti iye safuna sukulu popeza adzakhala katswiri wa mpira. Katswiri ndiye afunika masamu koposa, pakuti anthu ofuna kumwerengera ndalama zace acuruka.

Ku America Barbra anapeza dziko limene mpira wathu suli woyamba. Anthu a kumeneko akonda baseball, masewera omenya kampira kolimba ndi ndodo, akonda basketball, ndiponso ali ndi mpira wao wooneka ngati dzira umene aucha football, pamene wathuwu aucha soccer. Osewera baseball naonso ayenda monga ayendera a mpira, ena kucokera ku Dominican Republic, Venezuela ndi Japan kudza ku America, ena amene asowa malo ku America kunka ku Japan, Korea ndi Mexico. Koma pa mpira wa akazi ligi ya ku America ndi imodzi mwa zolimba koposa. Kumeneko asewera mothamanga ndi mwamphamvu kuyambira poyamba mpaka potsiriza. Dzikolonso ndi lalikulu. Kucoka ku Orlando kukasewera ku Seattle ndi makilomita oposa 4,000, ngati kuyenda ulendo wa Lusaka kufika ku Chipata kasanu ndi kawiri. Ndipo koloko, imene ku Shanghai inali patsogolo pa yathu, ku Orlando ili pambuyo ndi maola asanu ndi limodzi, kapena asanu ndi awiri m'miyezi yao yacisanu.

Asanayambe nchito yatsopanoyi dziko linamuitananso. Mu Epulo 2024 Morocco inatigonjetsa 2 kwa 1 ku Ndola, ndipo ambiri anayesa kuti ulendo wa ku Olympic wa caka cimeneco wafera pomwepo. Ku Rabat Barbra anamwetsa zigoli ziwiri, Zambia inapambana 2 kwa 0 ndi kupita ku France. Kumeneko, pa 28 Julayi, anamwetsanso zigoli zitatu posewera ndi Australia, koma tinagonja 6 kwa 5, mpira umene unawawitsa mitima ya anthu ambiri. Womwetsa zigoli angacite zace zonse, koma mutu umodzi susenza denga.

Ku Orlando anasewera pamodzi ndi Marta wa ku Brazil, amene anasankhidwapo kasanu ndi kamodzi kukhala wosewera wamkazi wopambana onse pa dziko lapansi. Mu ligi ya 2024 Barbra anamwetsa zigoli 13, ndipo amene anamposa ndi Temwa Chawinga yekha, wa ku Malawi uja anali naye ku China, amene tsopano anali ku timu ya Kansas City Current ndipo anamwetsa 20. Taonani, ana a maiko awiri oyandikana, akudya nsima onse awiri, ali pamwamba pa ligi ya ku America. Pa 23 Novembala 2024 Orlando Pride inakumana ndi Washington Spirit pa mpira wotsiriza wolimbirana cikho. Kumeneko anali madzulo, kuno kunali usiku waukulu wa kum'bandakuca, anthu ambiri ali m'tulo. Cigoli cinali cimodzi cokha pa mpira wonsewo, ca pa mphindi ya 37, ndipo anamwetsa ndi Barbra Banda. Caka cisanathe wailesi ya BBC inamsankha kukhala wosewera wamkazi wopambana wa 2024, ndipo bungwe la CAF linampatsa mphotho ya wosewera wamkazi wopambana mu Africa, zaka 36 cilandirire Kalusha mphotho yotere ya amuna.

Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha. Barbra sanacoke pa bwalo la fumbi kugwera ku Orlando tsiku limodzi. Anayamba ndi timu ya kuno, timu ya dziko inamuona, kenaka timu yaing'ono ya ku Spain, kenaka China. Ndikamba izi cifukwa kuli anthu amene agulitsa njira yacidule. Munthu afika m'komboni atabvala bwino, aonerera ana ali kusewera, nauza makolo kuti mwana wao ali ndi luso ndipo iye adziwana ndi matimu a ku Ulaya, cofunika ndi ndalama za pasipoti ndi za ndege. Makolo agulitsa katundu, akongola, ampatsa. Ena saonekanso. Ena amtengadi mwanayo ndi kukamsiya m'dziko la eni wopanda timu, wopanda mapepala, wopanda tikiti yobwerera. Zimenezi zacitikira ana ambiri a mu Africa. Dziwani kuti lamulo la FIFA liletsa kusamutsa wosewera wosakwana zaka 18 kupita ku timu ya dziko lina, kupatula pa zifukwa zowerengeka, monga pamene makolo ace eni asamukira kumeneko pa nchito zao. Dziwaninso kuti timu yeniyeni ikafuna wosewera ilembera kalata timu yace, ndipo nkhani ipita ku bungwe la mpira la dziko lino, la FAZ. Timu ndiyo ilipira ndege, osati makolo. Munthu akakuuzani zosiyana ndi izi, uzani aphunzitsi anu tsiku lomwelo.

Nchito ya mpira ili ndi cinthu cinanso cimene sicioneka pa wailesi ya kanema. Mphunzitsi angaphunzitse zaka makumi atatu, mmisiri wa matabwa angapale mpaka imvi, koma osewera ambiri aleka asanafike zaka 35, ndipo ena aleka kale-kale cifukwa ca bondo kapena msana. Mu Meyi 2025 Barbra anamwetsa zigoli zitatu pa mpira umodzi ndi timu ya Utah Royals. Mu Ogasiti caka comweco anabvulala mnofu wa m'ncafu ali kusewera, ndipo sanaseweranso mu ligi mpaka nyengo ya 2025 inatha. Anali ndi zaka 25 cabe. Pa nthawi yotere ndi pamene masamba aja a pangano, onena za cipatala ndi malipiro a munthu wobvulala, aonetsa nchito yace.

Aphunzitsi, wailesi ikatsekedwa, itanani ana awiri, mtsikana ndi mnyamata, adzaonetse pa mapu ulendo wonse kucokera ku Lusaka, kudzera ku Logroño ndi Shanghai, kukafika ku Orlando, ndipo achule nyanja zimene adutsa. A mu Giredi 6 ndi 7 apeze yankho la funso ili m'mabuku mwao: ngati mpira uyamba ku Orlando pa 7 koloko madzulo tsiku Loweruka m'mwezi wa Juni, munthu wa ku Marapodi wofuna kuumvera adzuke nthawi yanji, ndipo likhala tsiku lanji? Tsalani bwino, ana inu.